Nsupa ya pa galimoto ya Kamphepo

Bambo anga anali m'gulu la anthu oyamba kubatizidwa m'mudzi mwathu, kumunsi kwa Chongoni. Tsiku la ubatizo wawo anatulutsa zithumwa zonse zimene agogo anabwera nazo kuchokera kumwera, nazitentha pabwalo anthu akuona. Abale ena anasiya kudya nawo chifukwa cha zimenezo, koma iwo sanabwerere m'mbuyo. Ine ananditumiza kusukulu ya mishoni, ndipo ankafuna kuti ndidzakhale mphunzitsi. Sizinatheke. Msonkho unali pakhomo, amithenga a boma ankazungulira m'midzi kugwira anthu a tengatenga, onyamula katundu wopita kunkhondo, ng'ombe zathu nazo zinali zitatha ndi matenda. Ndinati ndipite ku Halale.

Anandiperekeza mpaka pamene njira imapatukira kulowera kwa Apwitikizi. Kunali nkhungu, ndipo ankaima kawirikawiri kuti atsokomole.

"Zaka ziwiri zokha," anatero. "Chifuwa ichi sichindilola kudikira kopitirira pamenepo. Ubwere undipeze. Ndipo ubwere monga momwe wapitira."

Sankanena za thupi. Ndinamva zimene ankatanthauza, ndipo ndinavomera.

Za m'njira sindinena zambiri. Munthu wobadwira kuzizira ngati kwathu sadziwa kuti dzuwa limapha mpaka atatsikira ku Tete. Tinali gulu la amuna ochokera m'midzi yosiyana, tinkadya m'mbale imodzi, ndipo mmodzi akatupa mapazi katundu wake tinkagawana. Zambezi tinawoloka pabwato, ine maso ali chitsinzinire. Titafika ku Halale gululo linamwazikana, ndipo ambiri a iwo sindinawaonenso.

Ndinayamba ndi kuumba njerwa. Kenaka ndinamva kuti mzungu wina akufuna munthu wodziwa kuwerenga manambala olembedwa pa zitsulo. Ntchito yake inali kuzungulira m'mafamu kukonza zitsime ndi makina opopa madzi oyendera mphepo, n'chifukwa chake anthu anamutcha Kamphepo. Anali ndi galimoto, imodzi mwa zochepa zimene zinkaoneka m'misewu ya kumeneko masiku amenewo. Inali yaing'ono: kutsogolo mpando wa anthu awiri, kumbuyo thandala la matabwa, ndipo pathandalapo bokosi lalikulu la zipangizo. Munali masipanala, bobojani, nyundo, tupa, matchizulo, sowo, chopalira matabwa ndi chobowolera. Galimotoyo inkalira munthu akaipukusa ndi chitsulo kutsogolo, ndipo wopukusayo ndinali ine.

Tsiku loyamba Kamphepo anatenga chitupa changa nachiika m'thumba la malaya ake. Kumeneko munthu wakuda sayenda popanda chitupa, ndipo sangachoke pantchito bwana wake asanasayinepo. Analoza bokosi lija.

"Ili ndi lako. Chikasowa chimodzi, chitupa sindisayina. Ugwira mpaka ine ndidzakhutire."

Choncho njira yanga yobwerera kwa bambo inali m'bokosi limenelo.

Panali munthu wachitatu, a Zuze, mkulu wa ku Tete amene anakalambira m'mafamu. Ndiwo ankagwira chingwe ine ndikakwera pamwamba pa makina, ndiwonso ankaphika. Mano anali atatsala ochepa, nthabwala zokha ndiye zinali zambiri. Ankanditcha Mphunzitsi chifukwa cha kabuku ka nyimbo kamene ndinkayenda nako.

Ndinachita zonse zimene munthu angachite. Bokosi ndinalimangirira kuthandala ndi unyolo. Ndinayala chiguduli m'kati n'kujambulapo ndi khala maonekedwe a chipangizo chilichonse, kuti china chikachoka malo ake azioneka. Pogona m'mafamu ndinkayala mphasa pansi pa galimoto. Vuto linali masana. Zitsime zambiri zili m'madambo, ndipo galimoto sinkatha kufikako. Inkatsala kumtunda, bokosi lotsegula chifukwa tinkapita n'kubwera kudzatenga ichi ndi icho. Anthu ogwira m'mafamuwo sanali oipa. Anali ndi njala, ndipo tupa imodzi inkagula ufa. Ana awo ankazungulira galimoto ngati nyerere pa fupa.

Choyamba kusowa chinali tchizulo. Kamphepo sanandimenye. Anangoti mwezi umenewo suwerengedwa.

Madzulo ake a Zuze anandiyang'ana ndikukanika kudya.

"Mphunzitsi, loko amaopa ndi munthu wopanda mwala. Unyolo amaopa ndi munthu wopanda tupa. Kodi ukudziwa chimene anthu a kuno amaopa kuposa apolisi?"

"Chiyani?"

"Iwe."

"Ine bwanji?"

"Munthu wa ku Nyasalandi. Amati inu mukatsirika munda, wakuba amayenda m'mizere mpaka mwini afike. Mangirira kansupa pabokosipo, uone."

"A Zuze, ine ndine wobatizidwa. Bambo anga anatentha zinthu zimenezo."

"Ndani wanena za mankhwala? Ine ndanena nsupa. Za m'kati uikamo wekha. Kodi mchenga nawo bambo ako anatentha?"

Ndinakana sabata imeneyo. Sabata yotsatira ndinapeza mnyamata wina wamkulu atanyamula bobojani, akuti amangoiona kulemera kwake. Tsiku lomwelo ndinapempha kachikho kouma kwa mayi wina wa pakomboni. Ndinathiramo mchenga wa mumtsinje ndi girisi wakale wa m'mawilo, pakamwa ndinatsekapo ndi nthenga za nkhuku imene tinadya, m'khosi ndinazengamo mikanda yofiira ya kusitolo. Zonse ndinachita ndekha, kuti ndidziwe ndithu kuti mulibe china. Ndinaipachika pa chogwirira cha bokosi.

Zotsalazo anagwira ndi a Zuze. Tikafika pafamu yatsopano ankayamba kukalipira ana mokweza, kuti akuluakulu amve: "Chokani apo! Mukufuna manja afote? Wa pafamu ija tachokayi mpaka lero akudyetsedwa ndi mkazi wake!" Kenaka ankandilankhula mwaulemu wonyanyira, chipewa chili m'manja, ngati akundiopa.

Titabwerera pafamu imene tchizulo chinasowera, m'mawa tinachipeza chili pansi pa galimoto, chitakulungidwa m'masamba. A Zuze anaseka mpaka kutsamwa ndi fodya. Kuyambira pamenepo anthu sankakhala ngakhale pamthunzi wa galimotoyo. Amayi opita kukatunga madzi ankailambalala patali. Kamphepo atafunsa, ndinamuuza zoona zake. Anagwedeza nsupa ija ndi chala, nati uyu ndiye mlonda wake wosadya.

Sindinganene kuti mtima unali pamalo. Lamulungu ndikatsegula kabuku ka nyimbo, maso ankapita kunsupa. Koma ndinkadziuza kuti mchenga ndi mchenga, ndipo palibe china chinasowanso. Chaka chinatha. Ndinatumiza bulangeti ndi nsalu kumudzi kudzera mwa munthu wa ku Linthipe. Chaka chachiwiri chinapita pakati, ndipo ndinayamba kufunsa mitengo ya makasu oti ndipite nawo.

Ndi pamene Lameki anafika.

Lameki ndi mwana wa azakhali anga, mlongo wawo wa bambo. Ndi msuweni wanga. Kwathu asuweni amanyozana, amalandana zinthu, ndipo palibe amene amaweruza. Tili ana ankanditengera mbewa pamsampha wanga n'kudzadyera pamaso panga, ndikakanena, akuluakulu ankangoseka n'kuti, "Nawe ukatenge zake." Tinakula motero, ndipo ndinkamukonda.

Ndinamupeza atakhala pakhomo pa chipinda chathu kukomboni, miyendo yoyera ndi fumbi, malaya ong'ambika paphewa.

"Msuweni! Taona kunenepa! Ndiye atsibweni anga akumwa phala lopanda mchere, iwe uli kuno kumera chimimba?"

"Wabwera ndi nsabwe zingati, ndikupatse malo okwanira?"

"Zokwana tonse awiri."

Analowa, nachotsa jekete langa pamsomali, n'kulivala. Linamukwana. Ndinali wokondwa kumva chilankhulo cha kwathu. Ndinamufunsa za bambo. Anasiya kuseka pang'ono.

"Kutchalitchi sakwerakonso. Amapemphera pakhonde. Munthu aliyense wochokera kuno amamuitanitsa kuti amufunse ngati wakuona. Akuti ukamalize msanga."

Ntchito inali yosowa, ndipo chitupa chake chinali chongomulola kufunafuna ntchito kwa kanthawi. Ndinapita kwa Kamphepo kukamupemphera. Anandifunsa ngati ndikumudziwa bwino. Ndinati ndi magazi anga, ndipo chilichonse chimene angalakwe chikhale pa ine. Anamulemba ngati wonyamula mapaipi.

Ndinene zoona: Lameki anali ndi manja abwino kuposa anga. Anangoona kamodzi mmene sowo amanolera, tsiku lotsatira anainola bwino koposa Kamphepo. Tikamakonza miyendo ya matabwa ya mathanki, chopalira chikakhala m'manja mwake thabwa linkasalala ngati mbale. Tsiku lina anachigwira nthawi yaitali, akuchitembenuza.

"Munthu atakhala ndi izi kwathu," anatero, "sangagwirenso khasu. Mishoni ikufuna zitseko, boma likufuna matebulo."

"Gwira zaka zisanu ugule zako."

"Zaka zisanu ndikudya nyemba zofumbwa? Iwe ndiwe wopirira, msuweni. N'chifukwa chake sunakwatire."

Koma bokosilo sankaliyandikira. Chipangizo ankadikira kuti ndimupatse m'manja. Nsupa ija ankaiyang'ana cham'mbali, ndipo podutsa ankazungulira mbali ina ya galimoto monga ankachitira anthu a m'mafamu.

Masana ena tinali kudya pansi pa mtengo, Kamphepo ali kunyumba ya mwini famu. Lameki analoza nsupa ija ndi mutu.

"Unaitenga kwa yani?"

A Zuze anayankha m'malo mwanga: "Usafunse za akuluakulu, mwanawe."

"Akuluakulu? Uyu? Uyu ndinkamulanda mbewa akulira!" Anatembenukira kwa ine. "Ha, mphunzitsi wa mishoni! Buku la nyimbo kudzanja ili, nsupa kudzanja ili. Ndikakafika kumudzi ndikayambira kwa atsibweni. Ndikati, zija munatentha pabwalo zija, mwana wanu wakazitola phulusa lake ku Halale."

"Usakanene zimenezo."

"Ndikanena. Ndikaimba ndi nyimbo yomwe."

"Lameki, si nthabwala."

"Nanga ine ndikuseka? Ndikuona ndi maso anga."

Ankaseka ndithu. Koma ine ndinaona bambo ali pakhonde, akumva mawu amenewo. Ndinaimirira n'kupita kugalimoto. A Zuze anandiitana kawiri, "Mphunzitsi, khala pansi. Mphunzitsi!" Sindinawamvere. Ndinamasula nsupa, ndinazula nthenga, n'kukhuthulira pang'ono m'dzanja la Lameki.

"Nunkhiza."

Ananunkhiza. Anafikisa ndi zala.

"Girisi?"

"Ndi mchenga wa mumtsinje. Mulibe china. Ndinapanga ndekha kuti ana asamabe. Tsopano wadziwa, ndiye ukafika kwa bambo ukanene zoona."

Anagwa chagada ndi kuseka. "Dziko lonse likuthawa mchenga! Msuweni, ndiwe mfiti yeniyeni!"

Nanenso ndinaseka, mtima utapepuka. Ndinabwezera nthenga n'kuipachikanso. A Zuze okha sanaseke. Anatola mbale zawo n'kupita kukatsuka, ndipo tsiku lonselo sanandilankhule.

Inali nyengo ya mvula. Patapita masabata angapo tinapita pafamu ina ya kutali, kufupi ndi njira imene anthu obwerera kwawo amadzera polowera ku Tete. Makina ake anali pakati pa dambo, ndipo galimoto inatsala kumtunda, kuseri kwa mitengo. Kamphepo anabwereka kavalo napita ndi mwini famu kukaona chitsime china. Ine ndinakwera pamwamba kukamasula mapiko a makina, a Zuze atagwira chingwe pansi. Lameki ndinamutuma kugalimoto kukatenga sipanala yaikulu.

Pamwamba pa makina amenewo munthu amaona kutali. Ndinadikira, kenaka ndinayamba kumasula zimene ndikanatha ndi sipanala imene ndinali nayo. Nditadzutsa mutu ndinaona munthu akuyenda mumsewu wa ngolo, thumba lili paphewa, atapendekeka ndi kulemera kwake. Jekete ndinalizindikira: anali Lameki. Ndinaganiza kuti wina wa pafamupo wamutuma kukapereka china kukomboni. Ndinakuwa dzina lake. Anatembenuka, navula chipewa, n'kuchigwedeza m'mwamba. Nanenso ndinakweza dzanja.

"Akubwera?" anafunsa a Zuze.

"Wapatukira kukomboni. Abwera."

A Zuze anamangirira chingwe kumwendo wa makina, chinthu chimene sanachitepo ine ndili pamwamba, nayamba kuthamanga molowera kugalimoto. Ndi pamene ndinadziwa.

Pachiguduli panatsala zithunzi za khala. Anasiya masipanala akuluakulu okha, olemera, opanda ntchito kumudzi. Sowo, chopalira, chobowolera, matchizulo, tupa, nyundo ndi bobojani zinali zitapita. Nsupa anaisiya ili lende pamalo pake.

Ndinathamanga mumsewu uja mpaka pamene unagawikana patatu. Mvula inayamba n'kufufuta mapazi. Ndinabwerera. Mpaka madzulo ndinkayang'anabe kumsewu, ndikuti mwina atulukira akuseka, n'kunena kuti amafuna aone nkhope yanga.

Kamphepo sanakalipe. Anandikweza kumbuyo kwa galimoto n'kupita nane kupolisi. Kumeneko anandifunsa kwawo kwa wakubayo. Ndinati ku Nyasalandi. Anati Nyasalandi ndi dziko, iwo akufuna mudzi. Sindinafune kuti asilikali akafike pakhomo pa azakhali, bambo akuonerera ali pakhonde. Anandimenya, koma sindinatchule.

Kubwalo la milandu anati ndinapangana naye, popeza ndine ndinamubweretsa ndipo ndikumubisa. Kenaka wapolisi anaika nsupa ija patebulo. Kumeneko kunali lamulo loletsa kuopseza anthu ndi mankhwala. Anaitanitsa anthu awiri a pafamu, ndipo onse analumbira kuti ndinkawauza kuti manja awo afota. Ndinati muli mchenga ndi girisi, atsegule aone. Womasulira anaseka asanamasulire. Woweruza anati za m'kati alibe nazo ntchito. Chimene akuweruza ndi mantha amene ndinaika mwa anthu. Ndinayang'ana Kamphepo, amene ankadziwa zonse ndipo ankaitcha mlonda wake. Anali kuyang'ana zikhadabo zake.

Kundende tinkaphwanya miyala ya msewu. A Zuze ankabwera pamene galimoto ili m'tauni, n'kuima kuseri kwa waya ndi mbatata yootcha m'thumba. Sananene kuti ndinakuuza. Kamodzi kokha anati, "Mlandu wa nsupa ndi wanga, Mphunzitsi. Ndinafuna kunena kubwalo, bwana anati ndikatsegula pakamwa nane ndilowa." Ndinawauza kuti asadandaule. Bulangeti langa ndi kabuku kaja anandisungira mpaka ndinatuluka.

Nditatuluka, chitupa chinali chikadali m'thumba la Kamphepo. Ndinabwerera kukapukusa galimoto yomweyo, kuyang'anira bokosi lomwelo, muli zipangizo zatsopano. Tsopano makiyi Kamphepo ankayenda nawo yekha, ndipo ine ndikafuna nyundo ndinkapempha. Ndikafunsa za chitupa ankati sanakhutire. Ndinaganizapo zothawa, koma wothawa wopanda chitupa akagwidwa pa Zambezi amabwezedwa kundende, ndipo ndikanayambiranso pachiyambi. Zaka ziwiri zija zinasanduka zinayi.

Nkhondo itatha kunabwera chimfine chija chimene chinapha anthu ambiri. M'komboni munkatuluka mitembo m'mawa uliwonse. A Zuze anadwala Lachisanu, pofika Lolemba tinawaika. Dzenje ndinakumba nawo, ndipo ndinawafunditsa bulangeti limene anandisungira lija, chifukwa analibe lina. Posakhalitsa Kamphepo anagulitsa galimoto, akuti akupita kumwera. Chitupa anasayina ataima, osandiyang'ana.

Ndinayenda ulendo wobwerera ndi anthu osawadziwa. Phiri la Dedza nditaliona patali, miyendo inafuna kuthamanga, mtima unkakana. M'midzi imene ndinkadutsa munali nyumba zambiri zotsekedwa ndi minga.

Amayi ndinawapeza kuseri kwa nyumba akusankha nyemba. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayamba kulira maliro. Pakhonde panalibe mpando wa bambo. Anamwalira ndi chimfine chomwecho, miyezi yochepa ndisanafike.

Tsiku lotsatira anandiperekeza kumanda. Pobwerera tinakhala pamwala, ndipo ndinawafunsa ngati bambo anasiya mawu.

"Anasiya kukutchula," anatero amayi.

"Chifukwa chochedwa?"

"Kuchedwa akanapirira. Kunabwera anthu ochokera ku Halale, anati wamangidwa chifukwa cha nsupa, unkaopseza nayo anthu. Bambo ako anawathamangitsa pakhomo. Anati mwana wanga sangatero. Kenaka anaitanitsa Lameki, anati iwe unali naye, ndiuze. Lameki anati, atsibweni, nsupayo ndinaiona ndi maso anga, inali ndi mikanda yofiira."

"Anangonena zomwezo?"

"Zomwezo. Bambo ako analowa m'nyumba. Kuyambira tsiku limenelo popemphera ankatchula aliyense, ngakhale ana a anthu oyandikana nafe. Pofika pa iwe ankangokhala chete pang'ono, n'kupitiriza."

Kumunsi kwa mudzi kunkamveka kulira kwa sowo. Ndinali nditakumva kuyambira dzulo lake, ndipo ndinkadziwa kuti ndi sowo iti.

"Mawa ugwire tambala wathu ukathokoze msuweni wako," anatero amayi.

"Ndikathokoze?"

"Anthu ankaikidwa m'mphasa, ena awiri dzenje limodzi, chifukwa okumba anali atatha. Bambo ako okha ndiwo anapita m'bokosi la matabwa opala. Lameki anapanga yekha, akudwala, osalandira kanthu. Denga la nyumba yathu anafolera ndi iye. Iwe kunalibe."

"Amayi, zipangizo zimene akugwiritsa ntchitozo..."

"Aliyense wobwera ku Halale ali ndi nkhani yake. Ine sindinapiteko. Chimene ndikudziwa n'chakuti amene wakuikira bambo ako sumupita ndi mlandu. Umapita ndi nkhuku."

Ndinapita ndi nkhuku.

Anali atamanga chisakasa chachikulu pafupi ndi njira ya ku boma. Panja panali zitseko zoimika, mipando, ndi njinga ya kalaliki wina itagadamitsidwa. Amuna angapo anakhala pamatabwa akucheza. Lameki anali atanenepa, ndevu zometedwa bwino, pensulo kukhutu. Zipangizo anazipachika pakhoma m'mizere, zopakidwa mafuta, zosamalidwa monga ndinkazisamalira ine.

Atandiona anaponya manja m'mwamba.

"Ee! Mkaidi wathu wafika! Msuweni, anakumeta bwino kumeneko? Taonani kuonda, ngati chikwapu!"

Amuna aja anaseka, ndipo anandipatsa moni mmodzimmodzi. Wina anandisunthira malo. Ndinakhala, tambala ali m'khwapa.

"Ukuziyang'ana?" anatero Lameki, akuloza kukhoma. "Ndinamubwereka tizitsulo uyu, abale. Anali atatikhalira ngati nkhuku pa mazira a mwini wake, mzungu n'kumalemera. Ndinati bola tikaswere kwathu."

"Za pachisuweni izo," anatero mkulu wina wa mpingo amene anali pamenepo. "Akakutengera, nawe umamutengera. Mlandu palibe."

"Ndi zomwezo! Tenga chimene ukufuna, msuweni. Mpando uwo tenga. Chitseko tenga, ukakwatire, uleke kugona ngati mbuzi."

Anasekanso. Ndinadikira kuti atsirize. Za ndende sindinafune kunena, kapena za zaka zija. Pamaso pa anthu amenewo zikanangosanduka nthabwala ina. Ndinali ndi funso limodzi.

"Lameki, bambo atakuitana, unawauza kuti munali mchenga?"

Anatenga chopalira n'kuchiyendetsa pathabwa kamodzi, kawiri. Anawerama kuyang'ana ngati lawongoka.

"Za m'kati sanandifunse. Anandifunsa ngati ndinaiona."

"Unanunkhiza ndi mphuno yako."

"Ndikanayamba kufotokoza, nkhani ikanatalika, msuweni. Akanafunsa kuti nanga kupolisi unafikako bwanji." Anauzira fumbi pathabwa. "Ndipo anali odwala kale. Sindinafune kuwatopetsa."

Amuna aja sanamve bwino zimene tinkanena. Mmodzi anafunsa kuti mchenga wanji. Lameki anati ndi nkhani za ku Halale, ndipo anayamba kuwasimbira za kutentha kwa ku Tete.

Ndinaimirira. Ndinagwira tambala ndi manja awiri monga mwa mwambo, ndinawerama, ndipo ndinanena mawu amene amayi anandituma: "Tathokoza potiikira bambo." Analandira, namuyeza kulemera m'manja, n'kuuza anthu kuti nkhuku yake ndi yoonda ngati mwini wake.

Zoona zake ndinawauza amayi pambuyo pake, ndinauzanso akulu a mpingo pamene ankandifunsa ndisanabwerere ku mgonero. Anandikhulupirira, kapena anati andikhulupirira. Koma amene ndinkafuna kuti amve anali atapita.

Lameki ali moyo, ndipo tikakumana pamaliro kapena paukwati amandinyozabe monga msuweni, anthu n'kumaseka. Tchalitchi chatsopano atamanga, zitseko zake anapanga ndi iye. Ndi zitseko zabwino, sizilira, sizinapindike ndi mvula ya kuno. Ndimalowera pamenepo Lamulungu lililonse.